Chaka chimene ndinakweza amayi anu boti pa Shire

Ana anga, Tereza, Yosefe ndi Dalitso, za ubwana wanga ku Kaphuka sindilemba pano. Mwazimva kokwanira kwa azakhali anu, ndipo sizisiyana ndi za mwana wina aliyense wa kumeneko. Ndiyambira pamene ndinayamba ntchito. Nkhani ya ulendo wathu wa pa Shire aliyense wa inu amaifotokoza mwa njira yake, ndipo Dalitso, amene anali wamng'ono kuposa nonse, ndiye amaitalikitsa kwambiri. Ndafuna kuti mumve mmene ine ndinauonera ulendowo, ndi zimene zinatsatira.

Dedza, chaka chimene ndinakwatira

Ntchito yanga yoyamba inali m'gulu lokonza mijigo pa boma la Dedza. Ndinali nditaphunzira za mainjini pa sukulu ya ntchito zamanja ya mishoni, koma mjigo ulibe injini, choncho zaka zoyambazo ndinkangozula mapaipi, kusintha marabala ndi kumanga mabawuti. Mkulu wathu anali a Gondwe, munthu wa kumpoto, wamtali, wosaseka pantchito. Akaona sipanala ili pansi padothi sankakalipa, ankangoima pomwepo kuiyang'ana mpaka mwiniwake aitole. Zipangizo zinkasowa kawirikawiri. Marabala akatha tinkadula matayala akale a galimoto, ndipo mjigo wokonzedwa choncho unkangopirira milungu yochepa. Tinali ndi lole imodzi yokalamba, ndipo ikafera m'njira ndine ndinkalowa pansi pake, mwina m'matope a ku Kaphuka, mwina m'chisanu cha mwezi wa Juni manja ataferatu.

Amayi anu ndinawapeza pamjigo wa m'mudzi mwawo ku Mayani. Anali patsogolo pa mzere wa ndowa, ndipo titangotsika m'lole anauza a Gondwe pamaso pa anthu onse kuti ulendo wathu wapitawo tinangowataitsa nthawi, mjigo unafanso mwezi usanathe. Ine ndinabwererako ndekha Loweruka lotsatira, panjinga, ndi rabala yeniyeni imene ndinkasunga. Titakwatirana ndinamanga nyumba kwawo, monga mwa mwambo wathu, pafupi ndi agogo anu. Munda wa chimanga ndi dimba la kukhwawa lija, limene mwadyera kachewere ndi kabichi moyo wanu wonse, ndi za kuchikazi, za banja la agogo anu aakazi, sizinali zanga. Mfundo imeneyi muikumbukire.

Tereza atangobadwa, a Gondwe anandiitana mu ofesi.

"A Lukasi, ku Liwonde akufuna munthu wodziwa injini za maboti. Ndapereka dzina lanu."

"Bwana, ine sindidziwa ngakhale kusambira."

"Sakufuna nsomba. Akufuna makaniko. Pano mukuwola ndi marabala."

Kunali kukwezedwa, ndipo masiku amenewo munthu sankakana kumene boma lamutuma. Tinagwirizana ndi amayi anu kuti atsale pamudzi chaka chimodzi kapena ziwiri, mpaka ndipeze nyumba.

Liwonde, Tereza akukwawa

Ndinafika ku Liwonde nditavala juzi ndi jekete, anthu pa depoti akundiseka. Mwezi woyamba ndinadwala malungo, ndipo kutentha kwake ndinkaona ngati sindikhalako. Ntchito ya nthambi yathu inali kuyendera matabwa oyezera madzi amene anazikidwa m'mbali mwa mtsinje, kulemba mmene madzi akwerera kapena kutsikira, kukonza matabwa amene mvuu zagwetsa, ndi kuthandiza kuchotsa namasupuni, udzu woyandama uja umene umatseka mtsinje. Tinali ndi maboti awiri a injini, koma sizinkachitika kawirikawiri kuti onse ayende nthawi imodzi. Limodzi likamayenda, linzake limakhala likupereka ziwalo.

Woyendetsa wamkulu anali a Sumani, Myawo wa komweko, amene anakulira m'bwato la abambo ake. Sankadziwa za m'kati mwa injini, ine sindinkadziwa za madzi, ndiye tinasinthana. Anandiphunzitsa kusambira pamalo osaya kuseri kwa ofesi, atandimanga chingwe m'chiuno ngati mbuzi. Anandiphunzitsa kuona mtundu wa madzi n'kudziwa pamene pali mchenga, kupatukira mvuu yokhala ndi mwana, ndi kusatsika m'boti pamene bango lawirira. Patapita zaka zingapo ndinkayendetsa ndekha, iwo atakhala kutsogolo akungoloza ndi dzanja.

Zosowa sizinatisiye. Panali nyengo zina petulo sankapezeka, maboti n'kukhala pamtunda milungu, ife tikuyendera matabwa apafupi pa bwato lobwereka. Mapulagi tinkawatsuka ndi kuwatsukanso. Kapini kamene kamagwira pulopela yopalasa madzi, kamene kamathyoka injini ikagunda chinthu, tinkasula tokha kuchokera ku misomali. Nyumba ya banja sinapezeke. Ndinkagona m'chipinda chimodzi ndi anzanga awiri, ndipo kumudzi ndinkabwera pa Khirisimasi ndi nthawi yokolola. Yosefe anabadwa ndili pamtsinje, Dalitso chimodzimodzi. Chaka chimodzi kapena ziwiri zija zinafika khumi ndi zinayi.

Ndinene zoona pano, chifukwa ndi zimene zikufotokoza zonse. Mtsinje ndinaukonda. Kunyamuka mmawa madzi ali phee, injini imene ndaikonza ndekha ikulira bwino kumbuyo, nkhwazi ili pamtengo, njovu zikumwa patsidya, panalibe ntchito ina imene ndikanaisirira. Ndikabwera kumudzi, pakatha sabata ndinkayamba kuganiza za maboti.

Chaka chimene a Sumani anapuma pantchito

Nthawi imeneyo mkulu wa nthambi yathu anali a Kachingwe, injiniya wachinyamata, munthu wabwino mtima koma wofuna zinthu zichitike msanga. A Sumani atatsala pang'ono kupuma, a Kachingwe anandiuza kuti akufuna ine ndikhale woyang'anira maboti onse. Udindowo unali ndi nyumba ya zipinda zitatu pafupi ndi doko. Koma panali lamulo lakuti mwini udindo azikhala pomwepo ndi banja lake, chifukwa madzi akakwera amafunidwa nthawi ina iliyonse, ndipo tchuthi chachitali cha kokolola sichikanakhalaponso.

Ndinawauza kuti akazi anga sanaonepo madzi oposa a m'khwawa la kwawo, ndipo ndikawauza za ng'ona amati ndisiye nkhaniyo.

"Ndiye abweretseni adzaone," anatero a Kachingwe. "Ana akatsekera sukulu muli ndi ulendo woyendera matabwa mpaka ku Malombe. Akwereni m'botimo. Chikhale tchuthi chawo. Ndikulemberani chilolezo, koma mafuta ndi omwewo a ntchito, sindingawonjezere."

Ndinatumiza uthenga kumudzi. Sindinkayembekeza kuti amayi anu avomera, koma anavomera.

Ulendo wa pamtsinje

Munafika pa basi masana, nonse mutavala majuzi monga ndinachitira ine kale, mutanyamula thumba la kachewere ndi nyemba. Tereza anali Fomu 2, Yosefe ali m'kalasi yomaliza ku pulayimale, Dalitso ali ndi zaka zinayi. Nditafuna kumunyamula Dalitso, anabisala kuseri kwa chitenje cha amayi ake. Yosefe anandipatsa moni ndi manja awiri ngati mlendo wa kutchalitchi, n'kupita kukanyamula thumba. Ndinakuonetsani nyumba ija. Amayi anu anazungulira zipinda zonse, anatsegula mpopi, anayang'ana dothi la kuseri, n'kulifinya m'manja.

Tinanyamuka mmawa wotsatira. M'botimo munali ife asanu ndi a Sumani, amene unali ulendo wawo womaliza pantchito. Ndinakuvekani majekete oyandamitsa, la Dalitso likufika m'maondo. Amayi anu anakana kukhala pabenchi. Anakhala pansi penipeni pa boti, dzanja limodzi litagwira Dalitso, linalo korona. Titadutsa nyumba zomaliza za Liwonde, mvuu inatulutsa mutu chapafupi n'kupemerera madzi. Amayi anu anatseka maso.

"Mayi, imeneyo ndi ya pano, timaidziwa," anatero a Sumani. "Ikungofuna kuona amene abwera."

"Iuzeni kuti sitikhalitsa," anayankha amayi anu, maso ali chitsekere.

Pofika masana anali atakwera pabenchi. Anayamba kufunsa a Sumani mayina a mbalame, chifukwa chimene migwalangwa imakhalira yambiri kuno koma kwathu kulibe, ndi mmene anthu amalimira mphepete mwa madzi mvuu zili pomwepo. Tinapeza njovu zikuwoloka, ana ali pakati, zitakweza zitamba. Ndinazimitsa injini n'kusiya boti liyandame. Dalitso anachoka kwa amayi ake n'kudzaima pakati pa miyendo yanga kuti aone bwino, ndipo njovu zitapita sanabwerere. Tsiku lonselo anakhala pamenepo, dzanja lake lili pamwamba pa langa pachiwongolero.

Pa thabwa lililonse tinkaima. Tereza ankawerenga nambala pamene madzi alekezera, ine n'kulemba. Tinagona pamudzi wa bambo wina amene ankatiwerengera madzi tsiku ndi tsiku chakumtunda. Amayi anu anagawira mkazi wake kachewere, iye n'kutipatsa chambo ndi mlamba, ndipo awiriwo anatha madzulo onse akuphunzitsana kaphikidwe, wina Chichewa cha kumapiri, wina chosakaniza ndi Chiyawo. Tsiku lachiwiri tinafika pamene mtsinje umatulukira m'nyanja ya Malombe. Ndinamupatsa Tereza chiwongolero pamalo otakasuka, ndipo anayendetsa bwino kuposa mmene ndinachitira ine poyamba. Nditamuitana Yosefe kuti ayeseko, anapukusa mutu. Ulendo wonsewo ankakhala kutsogolo, akuyang'ana madzi. Amayi anu anaviika mapazi m'madzi pamalo amene a Sumani anati ndi abwino, ndipo ndinawamva akuseka mmene sindinawamvere kwa zaka zambiri. Mumtima ndinati nkhani yatheka.

Pobwerera, tsiku lomaliza chakumasana, ndinafuna kudula njira kuti ndisunge mafuta. Panali ngalande ina kuseri kwa chilumba cha bango imene tinkadutsamo madzi akakhala ambiri. A Sumani anaiyang'ana n'kunena kuti mwina tidutsa, mwina ayi. Tinalowa. Tili pakati, boti linakwera pamchenga, injini inalira mokweza, kapini n'kuthyoka. Tinaima.

Madziwo anali ofika m'chiuno kumbali ina, m'maondo kumbali inayo. Chapatali pang'ono, pagombe la mchenga, panagona ng'ona ziwiri. A Sumani anayesa kukankha ndi nsungwi koma boti silinasunthe, ndipo mwendo wawo unali wovuta kale, sakanatha kutsika. Kudikira sikukanathandiza, chifukwa nyengo imeneyo madzi amatsika, sakwera, ndipo m'njira imeneyo simudutsa maboti ena. Ndinawauza a Sumani kuti aime pamwamba aziyang'ana ng'onazo ndi madzi otizungulira, ine n'kutsika. Ndinakankha ndi mphamvu zanga zonse. Boti linangogwedezeka.

Ndisananene kanthu ndinamva madzi akukhavuka kumbali inayo. Yosefe anali atatsika.

"Bwerera m'boti," ndinatero.

"Simungalithe nokha, ababa. Musakankhe, tinyamule kumbuyoku."

Anawerama, analowetsa phewa pansi pa mlomo wa boti, anaponda bwino, n'kuyamba kuwerenga kuti tinyamulire pamodzi. Sanachite ngati mwana wasukulu. Anachita ngati munthu amene ntchito yonyamula amaidziwa. Malaya atasunthika ndinaona kuti khungu la paphewa pake linali lakuda ndi lolimba. Boti linasuntha pang'ono n'kukakamiranso.

Kenaka amayi anu anapereka Dalitso kwa Tereza, anamanga chitenje, n'kutsikira kumbali yosaya.

"Amake Tereza, mukuchita chiyani?"

"Ndikupepukitsa boti. Nyamulani msanga, musandiyang'ane ine."

Anaima m'madzimo, manja atagwira boti. A Sumani ananena motsitsa kuti ng'ona imodzi yalowa m'madzi koma ikadali kutali, tichite changu. Tinanyamula, amayi anu akukankha, a Sumani akutsamira pansungwi, ndipo boti linatsetsereka kulowa pakuya. Ndinakweza amayi anu poyamba, kenaka Yosefe, ine pomaliza. Tinapalasa ndi nkhafi mpaka pagombe loyera, lopanda bango, pamene panali mtengo waukulu.

Ndinakhala pansi pamtengopo kusula kapini kena ndi msomali. A Sumani anatenga ana kukawaonetsa mapazi a mvuu m'matope. Amayi anu anakhala pambali panga akufinya chitenje.

"Phewa la Yosefe lili choncho chifukwa chiyani?" ndinafunsa.

Anandiuza zonse. Kuyambira chaka chapitacho Yosefe ankachoka mmawa atavala yunifolomu, koma masiku ambiri sankafika kusukulu. Ankakwera malole a ogula kachewere, kunyamula matumba pamsika, ndipo nthawi zina ankafika mpaka kumalire a Mozambiki ndi anyamata akuluakulu olowetsa katundu njira zamtchire. Kawiri anagona komweko. Amalume ake anamukwapula koma sizinathandize. Amayi anu anapita kwa aphunzitsi, anapita kwa ansembe, koma ine sanandiuze.

"Bwanji simunandiuze?"

"Mukabwera mumakhala masabata awiri. Ndikanakuuzani, mukanamumenya n'kukwera basi. Wotsala naye ndine."

Ndi zimene ndikanachitadi.

"Ndiye tisamukire kuno," ndinatero. "Achoke kwa anzakewo. Nyumba mwaiona."

"Nyumba ndaiona, ndi yabwino. Mtsinje ndauonanso. Ndinabwera kuti ndione chimene chimakusungani kuno, ndipo ndachiona. Sindikukunenani. Koma amayi anga maso afa, sangathe kufika ngakhale pamjigo, ndipo mwana wamkazi ndatsala ndekha. Dimba ndikalisiya, achimwene alipereka kwa ana a msuweni wathu, ndipo silidzabwereranso. Inu mukadzapuma, nyumba iyi adzalowamo wina. Tidzadya chiyani, tidzapita kuti? Ine sindisamuka, abambo ake Tereza."

"Nanga ndimutenge Yosefe yekha, azikhala ndi ine."

"Inu mumakhala pamadzi sabata yathunthu. Azikhala ndi ndani? Kuno kulibe malole?"

Ndinamaliza kusula kapini, ndinakalowetsa, ndipo injini inalira. Tinafika pa Liwonde dzuwa lisanalowe, mafuta atatsala pang'ono pansi pa chigubu. Mmawa wake ndinakuperekezani ku basi. Dalitso analira pofuna kutsala.

Miyezi ya maganizo

A Kachingwe ankafuna yankho mwezi usanathe. Ndikanatha kukana udindowo n'kukhala mmene ndinalili, kubwera kumudzi kawiri pachaka. Ndikanatha kuulandira n'kuumiriza amayi anu, chifukwa amuna ambiri ankatero ndipo palibe akanandidzudzula. Njira yachitatu inali kupempha kubwerera ku Dedza, koma kumeneko kunalibe maboti, kunali mijigo yokha, ndipo malo amene analipo anali otsika kuposa amene ndinali nawo.

Ndinapita kwa a Sumani, amene anali atayamba kale kukhala pakhomo. Ndinawapeza akusoka ukonde. Nditawafotokozera zonse anati, "Ana anga ine anakulira m'bwato, ndikapita kuntchito madzulo ndinkawapeza. Za ana a kumapiri sindizidziwa. Sindikuuzani chochita. Koma mnyamata uja analowa m'madzi a ng'ona chifukwa cha inu, osatumidwa. Zimenezo ndinaziona ndi maso anga."

Ndinayenda ulendo wina wa ntchito mpaka ku Malombe, ndikuganiza njira yonse. Nditabwerako ndinalowa mu ofesi ya a Kachingwe n'kupempha kusamutsidwa.

"A Lukasi, mukudziwa kuti mukutsika? Zaka zonsezi mukazitaye pamarabala?"

"Ndikudziwa, bwana."

"Ndipo ine maboti ndiwasiyire ndani? Ndinakupatsani boti la boma kuti mukatenge banja, osati kuti banja likutengeni inu."

Anakwiya, ndipo anali ndi chifukwa. Kwa milungu ingapo sankandiyankhula koma za ntchito zokha. Komabe pempholo analisainira, ndipo anandipempha kuti ndikhale mpaka mvula ithe, ndiphunzitse wolowa m'malo mwanga. Ndinatero. Tsiku lochoka ndinatsuka injini zonse ziwiri, ndinapereka makiyi, ndipo sindinapite kudoko kukatsanzika. Ndinapita molunjika ku depoti.

Dedza kachiwiri, mpaka kupuma

A Gondwe ndinapeza atapuma kalekale. Woyang'anira gulu anali munthu amene analowa ntchito ine nditachoka kale, wocheperapo zaka, ndipo poyamba tonse tinkachita manyazi akamandituma. Tinazolowerana. Marabala ankasowabe. Ndinkapalasa njinga kuchoka ku Mayani Lolemba mmawa, kubwerera pakati pa sabata ndi Lachisanu, ndipo gulu likamagwira ntchito chakwathu ndinkagona pakhomo tsiku lililonse.

Sindinama kuti zinthu zinasintha msanga. Iwe Yosefe ukudziwa. Mayeso a chaka chimenecho unalephera. Tinakangana kambiri, ndipo tsiku lina ndinakakutsitsa pa lole pamsika anthu akuona, sunandiyankhule mwezi wathunthu. Koma unabwereza kalasi, ndipo Loweruka ndinayamba kukutenga kokonza zigayo ndi mapampu a anthu m'midzi. Kumeneko ndi kumene tinayamba kuyankhulana, mitu ili m'injini, osayang'anana. Sukulu sunapite nayo patali monga ndinkafunira, koma galaja yako pa boma ikudyetsa ana ako, ndipo anzako awiri a kumalire aja sanafike zaka makumi atatu. Agogo anu anakhala nafe zaka zina zisanu ndi chimodzi, ndipo pamene ankamwalira ndinali m'nyumbamo. Tereza ndinamuperekeza ndekha ku sukulu ya unamwino. Dalitso ndinamuphunzitsa kupalasa njinga pabwalo la tchalitchi.

Mtsinje sindinauonenso kwa zaka zambiri. Ndinamva kuti amene ndinamuphunzitsa uja anakhala m'nyumba ija mpaka anakwezedwanso. Masiku ena, makamaka ndikazula mapaipi m'chisanu, ndinkaganiza kuti ndinalakwitsa. Masiku ena ndinkadziwa kuti sindinalakwitse. Mpaka lero zonse ziwiri zimandibwerera, ndipo sindikuona chifukwa chokubisirani.

Chaka chatha, nditapuma kale, tinali pakhonde ndi amayi anu tikusankha mbewu ya kachewere. Pawailesi ananena za madzi a Shire, ine n'kuyamba kufotokoza za ngalande ija. Amayi anu anapitiriza kusankha, kenaka anati, "Mukudziwa kuti mukanaumirira ndikanasamuka?"

Ndinasiya mbatata imene inali m'manja.

"Ndinali nditagwirizana kale ndi mkazi wa achimwene kuti atenge amayi ngati zitavuta. Ndinali nditayamba ngakhale kufunsa za sukulu za ku Liwonde, kwa mayi uja anatipatsa chambo."

"Ndiye bwanji munati simusamuka?"

"Zimene ndinakuuzani pansi pa mtengo zinali zoona zonse. Dimba likanapita. Koma zaka khumi ndi zinayi ndinali ine wodikira. Ndinkafuna ndione ngati inu mungabwere."

Ndinadzuka n'kupita kudimba, ndipo tsiku limenelo sindinadye masana. Ndinali wokwiya, ndikuwerengera mumtima zonse zimene ndikanakhala. Ndinakhala kumeneko mpaka dzuwa litapendeka, ndikuyenda m'mizere ya kabichi, ndikutsegula ngalande zimene sizinkafunika kutsegula. Nditabwerera ndinawapeza ali pomwe paja, mbewu ili m'milu yathu iwiri, wawo utatha, wanga atausiya mmene ndinausiyira. Anandisunthira mpando. Ndinakhala pansi n'kumaliza mulu wangawo.